Nthawi Yam'tsogolo ya Mneni wa Chingerezi: Kuiyerekeza ndi Chichewa ndi Ziyankhulo za ku Johannesburg

1.0 Mawu Oyamba

Mmalawi aliyense amene anadutsa sukulu ya pulayimale anaphunzitsidwa kuti mneni wa Chingerezi ali ndi nthawi zitatu, yakale, yatsopano ndi yam'tsogolo, ndi kuti nthawi yam'tsogoloyo imapangidwa ndi will kapena shall. Anauzidwanso kuti will ndiye -dza- wa Chingerezi, kotero kuti I will go ndi ndidzapita ndi chinthu chimodzi. Lamulo limeneli ndi losavuta kuloweza ndipo limakhozetsa mayeso. Koma munthu yemweyo akatsika basi pa Park Station mu mzinda wa Johannesburg, kumene Amalawi amati ku Joni, amapeza kuti womulemba ntchito akunena I'm paying you on Friday, popanda will. Kalata ya mgwirizano wa ntchito ili ndi shall amene sakunena za m'tsogolo chabe. Ndipo just now amene analonjezedwa m'mawa sanafike mpaka dzuwa lapendeka.

M'nkhani ino tifotokoza njira zimene mneni wa Chingerezi amanenera za m'tsogolo, kumene njirazo zinachokera, ndi momwe zimasiyanirana ndi za Chichewa. Tiyang'ananso Chizulu, Chisutu, Chitsonga, Chifanakalo ndi Chiafrikaans, popeza Mmalawi wa ku Joni amamva Chingerezi chili pakati pa ziyankhulo zimenezi. Kuti tisamwazike, zitsanzo zambiri tazimanga pa mneni mmodzi, send, 'tumiza', amene ndi mneni wa tsiku ndi tsiku pakati pa wapaulendo ndi abale ake otsala kumudzi. Kanyenyezi (*) kakusonyeza chiganizo chimene eni chiyankhulo sachivomereza.

2.0 Maonekedwe a Mneni wa Chingerezi

Tikamati chiyankhulo chili ndi nthawi yakutiyakuti, kawirikawiri timatanthauza kuti mneni mwiniwake amasintha maonekedwe posonyeza nthawiyo. Tikamuyesa send ndi muyeso umenewu tipeza maonekedwe anayi okha: send, sends, sent ndi sending. Mneni ngati write ali ndi asanu: write, writes, wrote, written ndi writing. Mneni be ali ndi asanu ndi atatu. Pa onsewa palibe ngakhale amodzi amene ntchito yake ndi kusonyeza m'tsogolo. Kusiyana kumene kwalembedwa pa thupi la mneni ndi kwa pakati pa send ndi sent, ndiko kuti nthawi yakale ndi nthawi yosakhala yakale.

Mfundoyi si yatsopano. John Wallis, m'buku lake la Grammatica Linguae Anglicanae la mu 1653, anaona kale kuti mneni wa Chingerezi ali ndi nthawi ziwiri zokha, ndipo anadzudzula olemba galamala amene ankaumiriza Chingerezi kulowa m'chikombole cha Chilatini. M'Chilatini nthawi yam'tsogolo ilipodi pa mneni, monga amabo, 'ndidzakonda'. Komabe chikombolecho chinapambana m'masukulu: English Grammar ya Lindley Murray ya mu 1795 inaphunzitsa nthawi zisanu ndi imodzi, ziwiri mwa izo za m'tsogolo, ndipo mabuku a sukulu amene anafika ku Nyasaland anatsata mwambo womwewo. Akatswiri a m'mbuyo muno, monga Randolph Quirk ndi anzake mu 1972 ndi 1985, komanso Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum mu 2002, anabwerera ku ganizo loti Chingerezi chilibe nthawi yam'tsogolo yolembedwa pa mneni, koma chili ndi njira zingapo zonenera za m'tsogolo. Njirazo ndi izi:

(1) I will send the money.
(2) I shall send the money.
(3) I am going to send the money.
(4) I am sending the money on Friday.
(5) The office sends the money on Friday.
(6) I will be sending money every month.
(7) I will have sent the money by Friday.
(8) By December I will have been sending money for two years.
(9) I am about to send the money.
(10) I am to send the money on Friday.

Ziganizo zonsezi zikunena za chinthu chimene sichinachitike, koma sizinena mofanana. Tiona chilichonse pachokha.

3.0 Will ndi Shall

Will anachokera ku mneni wa Chingerezi chakale willan, amene ankatanthauza 'kufuna'. Shall anachokera ku sceal, amene ankatanthauza 'kukhala ndi ngongole' kapena 'kuyenera'. Onse awiri ali m'gulu la aneni othandizira limodzi ndi can, may ndi must: satenga -s pa mwininkhani wachitatu, salola to pakati pawo ndi mneni wotsatira, ndipo awiri sangatsatane m'chiganizo chimodzi. N'chifukwa chake *I will can send sichivomerezeka. Mwini chiyankhulo amati I will be able to send.

Tanthauzo lakale la will silinafe. Taonani ziganizo izi:

(11) He won't send the money. 'Akukana kutumiza ndalama', kapena 'Satumiza ndalama'.
(12) The car won't start. 'Galimoto ikukana kulira'.
(13) That will be the driver at the gate. 'Ayenera kuti ndi dalaivala ali pageti'.

M'chiganizo (12) palibe za mawa. Galimoto ikukana tsopano lino. M'chiganizo (13) woyankhula akulingalira za munthu amene wafika kale. Womasulira amene angaike -dza- pa ziganizo ziwirizi wasokoneza nkhani. Will akamanena za m'tsogolo amagwira ntchito ziwiri zazikulu: kulosera, monga it will rain, ndi kusonyeza chisankho chimene woyankhula wapanga nthawi yomweyo akuyankhula, chimene kawirikawiri chimamveka ngati lonjezo. Munthu akauzidwa pa foni kuti mwana wadwala n'kuyankha kuti I'll send something, ganizolo labadwa pomwepo.

Wallis ndiye anatchukitsa lamulo loti pa I ndi we, shall amangolosera pamene will amalonjeza kapena kuopseza, ndipo pa you, he, she ndi they zimatembenuka. Lamuloli linkatsata kayankhulidwe ka anthu ena a kummwera kwa England, ndipo ku Scotland, ku Ireland ndi ku America silinazike mizu. Lero shall watsala m'malo awiri makamaka. Oyamba ndi m'mafunso opempha maganizo a womvera, monga Shall I send it?, limene m'Chichewa ndi 'Nditumize?', osati 'Ndidzatumiza?'. Achiwiri ndi m'zolemba za malamulo, zimene tizikamba m'gawo 7.0.

4.0 Njira Zina

Be going to poyamba ankanena za ulendo weniweni: munthu akupita kwinakwake kukachita chinthu. Pofika zaka za m'ma 1600 ulendowo unayamba kufufutika, n'kutsala cholinga chokha, kotero kuti lero munthu akhoza kunena I am going to stay here, 'ndikhala pompano', popanda kutsutsana ndi iye mwini. Njirayi imasonyeza zinthu ziwiri. Choyamba ndi cholinga chimene chinalipo kale kuyankhula kusanayambe: m'chiganizo (3) woyankhula anaganiza kale zotumiza. Chachiwiri ndi kulosera kochokera pa zizindikiro zooneka tsopano: munthu akaona mitambo yabii masana a mwezi wa Disembala pa Highveld amati it is going to rain.

Chiganizo (4) chili m'maonekedwe a nthawi yatsopano yopitirira, koma chikunena za chinthu chimene chakonzedwa kale, tsiku lake ladziwika ndipo mwina anthu ena auzidwa. Chiganizo (5) chikunena za ndondomeko yokhazikika imene siili m'manja mwa woyankhula, monga ya basi, ya malipiro kapena ya kalendala. N'chifukwa chake the bus leaves at ten ndi chiganizo chabwino, koma *it rains tomorrow chimamveka chachilendo, pakuti mvula ilibe ndandanda. Chiganizo (6) chikunena za ntchito yopitirira kapena yobwerezabwereza. Kawirikawiri njirayi imachotsanso fungo la kufuna, motero Will you be sending money? ndi funso chabe, pamene Will you send money? likhoza kumveka ngati pempho. Chiganizo (7) chikuima pa nthawi ina m'tsogolo n'kucheukira ntchito yotha, ndipo (8) chikuwerenga kutalika kwa ntchito kufikira nthawi imeneyo. Chiganizo (9) chikunena za chinthu chimene changotsala pang'ono, ndipo (10) chikunena za lamulo kapena makonzedwe ochokera kwa wina.

Apa taona kuti chimene Chingerezi chimasiyanitsa si kutalika kwa nthawi. Will akhoza kunena za mphindi ikudzayi kapena za zaka 50 zikudzazo. Chimene chimasiyanitsidwa ndi gwero la mawuwo: kodi ndi kulosera, chisankho cha pomwepo, cholinga chakale, makonzedwe kapena ndandanda?

5.0 Nthawi Yam'tsogolo M'Chichewa

Chichewa, chimene Malcolm Guthrie anachiika m'chigawo N31, chimamanga nthawi m'kati mwa mneni, pakati pa mgwirizanitsi wa mwininkhani ndi tsinde. Mark Hanna Watkins anafotokoza kamangidwe kameneka mu A Grammar of Chichewa ya mu 1937, imene anailemba ku Chicago mothandizidwa ndi Kamuzu Banda ali wophunzira. Ndipo mu 2012 Andrea Kiso anayerekeza nthawi za aneni m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chisena pa yunivesite ya Stockholm. Njira zazikulu ndi izi, ndipo taika kachizindikiro pa maphatikizo okwera:

(14) Ndítumiza ndalama. Lero, posachedwa, kapena motsimikiza.
(15) Ndídzátumiza ndalama. Mawa, mkuja kapena patali.
(16) Ndíkátumiza ndalama. Kwina, kumene ndikupita.
(17) Ndízítumiza ndalama mwezi uliwonse. Mobwerezabwereza.
(18) Ndizidzatumiza ndalama ndikadzapeza ntchito. Mobwerezabwereza, patali.
(19) Ndidzakhala nditatumiza. Ntchito yotha pa nthawi ina m'tsogolo.

Mphatikiram'kati -dza- anachokera ku mneni kudza, amene akadali wamoyo m'mawu monga chaka chikudzachi ndi m'mwambi uja woti chakudza sichiyimba ng'oma. Tanthauzo la ulendo likadalipo m'ziganizo monga Bwera udzaone ndi Anadzatenga katundu wake. Mphatikiram'kati -ka- ndi wakale kwambiri ndipo amapezeka m'ziyankhulo zambiri za Chibantu ndi tanthauzo la kupita kukachita chinthu kwina.

Malire a pakati pa (14) ndi (15) si mpanda wa njerwa. Munthu akhoza kunena kuti nditumiza mawa pamene watsimikiza mtima. Komabe kusiyanako kumamveka bwino m'khutu la mwini chiyankhulo. Tiyerekeze mayi ali ku Ntcheu ndipo mwamuna wake ali ku Joni. Mwamunayo akati nditumiza, mayiyo ayamba kudikira uthenga pa foni tsiku lomwelo. Akati ndidzatumiza, mayiyo adziwa kuti ufa wa sabata ino ayenera kuufuna kwina. Chiganizo cha Chingerezi I will send sichiuza mayiyo chilichonse mwa ziwirizi pokhapokha ataonjezapo muonjezi wa nthawi monga today kapena next month. Chimodzimodzinso -ka-: Chingerezi chilibe chomufanana naye, ndipo chimafuna mawu oonjezera monga there kapena when I get there.

Kamvekedwe ka mawu kali ndi ntchito yaikulu pano. M'chiganizo Ndíkátumiza ndikafika, mneni woyamba ali ndi liwu lokwera ndipo akulonjeza, pamene wachiwiri ali ndi liwu lotsika ndipo akuika nthawi kapena chodalira. Kalembedwe kathu ka masiku onse sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu, motero ndikatumiza wolembedwa m'kalata kapena m'uthenga wa pafoni akhoza kukhala lonjezo kapena chiyambi chabe cha chiganizo chosatha. Wowerenga amadalira mawu oyandikana nawo.

Palinso njira ina imene mabuku a galamala saitchula kawirikawiri: mvula ikufuna kugwa, khoma likufuna kugwa. Mvula ilibe mtima wofuna kanthu. Apa kufuna wayamba ulendo womwe uja umene willan anayenda m'Chingerezi, ngakhale kuti m'Chichewa akadali pa chiyambi, pa tanthauzo la chinthu chotsala pang'ono kuchitika, monga chiganizo (9).

6.0 Ziyankhulo za ku Joni

Mzinda wa Johannesburg unabadwa mu 1886 chifukwa cha golide, ndipo kuyambira zaka zoyambirira za m'ma 1900 anthu a ku Nyasaland ankapita kumigodi ya Witwatersrand, ena kudzera ku bungwe la Wenela, ena paokha, amene ankatchedwa a selufu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa anapitirira 100,000. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi opitirira 70, ndipo boma la Malawi linaimitsa kulemba anthu. Kulembako kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kutha mu 1988. Kuyambira pamenepo ulendo wa ku Joni wakhala wa munthu payekha, wodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ndipo ntchito zake zambiri ndi za m'nyumba, m'madimba, m'masitolo ndi pa zomangamanga. Kusinthaku kunasinthanso chiyankhulo cha pa ntchito: wa kumgodi ankalamulidwa m'Chifanakalo, pamene wa lero amagwirizana za malipiro m'Chingerezi.

Mu mzinda womwewu ndimo munakulira maphunziro a ziyankhulo za Chibantu a kummwera kwa Africa. Clement Doke, amene poyamba anali mmishonale pakati pa Alamba ku Northern Rhodesia, anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Witwatersrand mu 1923, nalemba Textbook of Zulu Grammar mu 1927 ndi Bantu Linguistic Terminology mu 1935. Nkhondo yake inali yoti ziyankhulo za Chibantu zifotokozedwe malinga ndi kamangidwe kake, osati ka ziyankhulo za ku Ulaya. Ndi dandaulo lomwe lija la Wallis, lobwerezedwa patapita zaka pafupifupi 280.

Taonani tsopano momwe ziyankhulo za mumzindawu ndi zina zoyandikana nazo zimanenera za m'tsogolo:

(20) Chizulu: Ngizohamba. 'Ndipita'.
(21) Chizulu: Ngiyohamba. 'Ndidzapita'.
(22) Chisutu: Ke tla tsamaya.
(23) Chitsonga: Ndzi ta famba.
(24) Chitumbuka: Tizamuluta. 'Tidzapita'.
(25) Chiswahili: Nitakwenda.
(26) Chifanakalo: Mina zo hamba.
(27) Chiafrikaans: Ek sal gaan. Ek gaan geld stuur.

M'Chizulu -zo- anachokera ku ukuza, 'kudza', wophatikana ndi uku- wa mneni wotsatira. Kamangidwe kotalikirapo ka ngizokuhamba kakusonyeza njira imene anadzera. Momwemonso -yo- anachokera ku ukuya, 'kupita'. Tla wa Chisutu, ta wa Chitsonga ndi -za- wa m'Chitumbuka -zamu- onse ndi mneni wa 'kudza', ana a muzu umodzi ndi -dza- wathu. Koma -ta- wa Chiswahili, ngakhale amafanana m'maonekedwe ndi wa Chitsonga, anachokera ku -taka, 'kufuna', ndipo -taka- amatulukiranso yense m'mawu monga nitakapofika, 'ndikadzafika'. Chifanakalo, chimene Desmond Cole anachifotokoza m'magazini ya African Studies mu 1953, chinataya agwirizanitsi a Chizulu koma chinasunga zo ngati liwu loima palokha, ndipo -yo- sichinamutenge. Motero kusiyana kwa pafupi ndi patali kunatayika. Chiafrikaans chili ndi sal, mbale wake wa shall, ndi gaan, mbale wake wa go.

Pali mfundo ziwiri zimene tingatolepo. Yoyamba ndi yoti magwero a nthawi yam'tsogolo ndi ochepa ndipo amabwerezeka m'ziyankhulo zosakhala pa ubale: kufuna, kuyenera, kudza ndi kupita. Joan Bybee, Revere Perkins ndi William Pagliuca anasonyeza zimenezi mu The Evolution of Grammar ya mu 1994, ndipo Derek Nurse mu Tense and Aspect in Bantu ya mu 2008 anasonyeza kuti m'ziyankhulo za Chibantu zizindikiro za m'tsogolo zimapangidwa mwatsopano kawirikawiri kuchokera ku aneni otere. Anzathu a ku Tete ndi Niassa akudziwa kuti m'Chipwitikizi falarei, 'ndidzayankhula', anamangidwa pa falar ndi hei, pamene m'kuyankhula kwa masiku onse anthu amakonda vou falar, wa mneni wa kupita.

Mfundo yachiwiri ndi yoti gwero silinena kutalika kwa nthawi. M'Chizulu 'kudza' kunabala nthawi yapafupi ndipo 'kupita' kunabala yapatali. M'Chichewa 'kudza' komweko kunabala yapatali. M'Chingerezi 'kupita' kunabala cholinga ndi kulosera kodalira zooneka tsopano. Mchewa amene wamva -zo- n'kumuzindikira kuti ndi mbale wa -dza- walondola pa mbiri ya mawu, koma akamasulira ngizokukhokhela kuti 'ndidzakulipira' wakankhira patali lonjezo limene mwini wake analiika pafupi.

7.0 Malo Anayi Opunthwitsa

7.1 Nthambi za when ndi if. M'Chichewa -dza- amaloledwa kulowa m'nthambi yosonyeza nthawi kapena chodalira: ndikadzafika ndidzatumiza. M'Chingerezi will wolosera saloledwa m'nthambi yotere: when I arrive I will send, osati *when I will arrive. Wophunzira amene anauzidwa kuti will ndi -dza- sakulakwa mwa umbuli. Akutsata lamulo limene anapatsidwa. Will akaoneka pambuyo pa if amabwerera ku tanthauzo lake lakale: if you will wait ndiye kuti 'ngati mungalole kudikira'.

7.2 Mawu obwereza. Chichewa sichisintha nthawi ya mneni pobwereza zimene wina ananena: anati adzatumiza. Chingerezi kawirikawiri chimabweza mneni wothandizira ku nthawi yakale: he said he would send. Would ameneyu ndi will wa nthawi yakale, ndipo kukhalapo kwake ndi umboni wina woti will si chizindikiro cha nthawi, popeza iye mwini amalandira nthawi. Komanso I was going to send kawirikawiri amatanthauza kuti cholinga chinalephereka: 'ndimati nditumize'.

7.3 Shall wa m'malamulo. M'kalata ya mgwirizano, chiganizo monga the employer shall pay the worker on the last day of the month sichikulosera, chikulamula. Kumasulira kwake ndi 'wolemba ntchito ayenera kulipira', osati 'adzalipira'. Kusiyanaku n'kwakukulu kwa wantchito, pakuti ulosi ukalephereka palibe wopalamula, koma udindo ukasiyidwa pali mlandu. Omasulira Buku Lopatulika la mu 1922 anaiona mfundoyi: pa Malamulo Khumi, pamene Baibulo la Chingerezi la King James la mu 1611 lili ndi shalt, iwo anagwiritsa ntchito kanenedwe koletsa ka -sa-. Malamulo aakulu a dziko la Malawi a mu 1994 amagwiritsa ntchito shall poika udindo, pamene a South Africa a mu 1996 anasankha must kuti munthu wamba amve msanga. Mmalawi wa ku Joni amakumana ndi kalembedwe konse kuwiri, popeza makalata ambiri a mgwirizano akadali ndi shall.

7.4 Just now ndi now now. M'Chingerezi cha ku Britain, chimene masukulu a ku Malawi amatsata, just now kawirikawiri amanena za kanthawi kamene kangopita kumene. M'Chingerezi cha ku South Africa amanenanso za m'tsogolo mosadziwika malire: I'll pay you just now ndiye kuti 'ndikulipira nthawi ina', mwina lero, mwina ayi. Now now ali pafupi kuposa just now, koma naye si tsopano lino. Kagwiritsidwe kameneka kamatsata netnou ndi nou-nou a Chiafrikaans. Tingati Chingerezi cha kuno chinadzipangira makwerero a kutalika kwa nthawi, ofanana ndi a nditumiza ndi ndidzatumiza, koma chinawaika pa aonjezi m'malo mwa mneni. Mlendo amene akufufuza makwererowo pa will sawapeza.

8.0 Mawu Otsiriza

Tasonyeza kuti mneni wa Chingerezi alibe maonekedwe a nthawi yam'tsogolo, ndi kuti njira khumi zimene tandandalika zimasiyana pa gwero la mawu a woyankhula: kulosera, chisankho, cholinga, makonzedwe, ndandanda ndi udindo. Tasonyezanso kuti mneni wa Chichewa amasiyanitsa zina, ndizo kutalika kwa nthawi, malo ochitikira ndi kubwerezabwereza. Choncho ziyankhulo ziwirizi sizingalumikizidwe liwu ndi liwu.

Kwa aphunzitsi, ife tikuona kuti ndi bwino kuleka kuphunzitsa will ngati -dza-, ndi kuyamba ndi funso loti woyankhula akudziwa bwanji kuti chinthucho chichitika. Wophunzira amene amasiyanitsa kale nditumiza, ndidzatumiza ndi ndikatumiza ali ndi khutu lokwanira kumva kusiyana kwa will, going to ndi am sending, malinga auzidwe kuti muyeso wake ndi wina. Kwa omasulira a m'makhoti, m'zipatala ndi m'maofesi a za ntchito, chofunika ndi kuyamba afunsa ngati shall ndi ulosi kapena lamulo, ndi ngati won't ndi kulosera kapena kukana, asanaike -dza-.

Kwa ofufuza, ntchito yotsala ndi ya Chichewa chimene chikuyankhulidwa ku Johannesburg, makamaka ndi ana obadwira komweko amene amakula akumva Chizulu, Chisutu ndi Chingerezi. Chizulu chili ndi -zo- wapafupi, Chisutu chili ndi tla amene sasiyanitsa pafupi ndi patali, ndipo onse ndi abale a -dza-. Funso loyenera kufufuzidwa ndi loti kodi ana ameneŵa akusunga malire a pakati pa nditumiza ndi ndidzatumiza, kapena -dza- wayamba kulowa m'malo a lero. Kuyankha funsoli kufuna kujambula kuyankhula kwenikweni m'mabanja ndi m'mipingo ya Amalawi mumzindawu, ndi kukuyerekeza ndi kwa abale awo a ku Ntcheu, Dedza ndi Lilongwe.